Kagalasi ka Aphunzitsi

Lero mwana wanga wadziona pagalasi la njinga yamoto n'kumaseka yekha. Zandikumbutsa m'mawa wina wozizira kusukulu ku Assumane. Aphunzitsi okalamba, omwe anaphunzirapo kwa ansembe, anabwera ndi kagalasi kong'aluka.

"Espelho," anatero, kutchula galasi m'Chipwitikizi. "Dzinali linachokera ku mawu a Chilatini, specere. Si kungoona chabe ayi, ndi kuyang'anitsitsa. Aliyense ayang'ane, atiuze chimene waona."

Ine m'kalasi ndinali ndisanayankhulepo, ndipo kwathu kunalibe galasi. Anzanga anatchula mphuno, makutu, mamina. Pofika kwa ine, kagalasi kanali katafunda ndi manja awo. Ndinayang'ana nthawi yaitali.

"Nanga iwe mwanawe, ukuonamo chiyani?"

"Mayi anga," ndinanong'ona, "koma aguluka mano akutsogolo."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko, ndipo mayi a m'galasimo nawonso anayamba kuseka.