Masitepe a Muyeso wa Amayi

Bambo anga anali telala kwa zaka makumi anayi ndi ziwiri, ndipo m'zaka zonsezo ndinawaona kamodzi kokha atagwira nyundo, tsiku limene ankathamangitsa khoswe kukhitchini. Khosweyo anapulumuka, koma kabati inathyoka chitseko. Choncho m'mawa umene lole inadzatsitsa mulu wa matabwa pakhomo pathu, ine mwana wawo woyamba ndinangoti basi, ukalamba wafika kumutu.

"Ababa, matabwawa ndi a ndani?"

"Anga."

"Mwayamba geni ya nkhuni?"

"Ndikumanga khonde la matabwa kuseri. Pamwamba chisakasa, kutsogolo masitepe otsikira kudimba."

Anayankha osandiyang'ana, ali kalikiliki kusisita thabwa ndi zala monga ankachitira ndi nsalu yatsopano.

Mumsewu wathu palibe ankawatchula dzina lawo lenileni. Onse ankati a Tiyeze, chifukwa chilichonse ungawauze, yankho linali lakuti "tiyeze kaye". Shopu yawo inali kachipinda kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mawotchi, ndipo mmenemo anakhalamo moyo wonse, tepi yoyezera ili m'khosi, mapini ali pakamwa. Mapiniwo anawaphunzitsa kuyankhula pang'ono ndiponso ndi mbali imodzi ya mlomo. Zovala za m'sitolo ankadana nazo ngati zinawalakwirapo. Ankati zimasokeredwa munthu amene sanabadwe. Ife ana tinakula tikuvala mayunifomu otikwana bwino kwambiri moti anzathu ankatiseka.

Pakamwa pa nyumba yathu panali amayi. Iwo ankalongolola kuyambira pamene ketulo yakhala pamoto mpaka mbale yomaliza yatsukidwa: nsapato zili pakhomo, mchere wachepa, abambo asiyanso ulusi pampando. Akatopa ndi ife ankatsikira kudimba kwawo kuseri, kukalongololera tomato ndi mtengo wa mandimu, ndipo mbewuzo zinkabereka chifukwa cha mantha. Bwalo la kuseriko ndi lotsetsereka, khomo la khitchini lili m'mwamba mofika m'chiuno mwa munthu, ndipo kale panali masitepe anayi a simenti, aatali ngati a pagalimoto ya katundu. Njira ina yopitira kudimbako kulibe, chifukwa nyumba yathu ndi za anansi zinagundana makoma.

Kenako amayi anadwala sitiroko, mwendo wakumanzere n'kufooka. Ataphunzira kuyenda ndi ndodo m'nyumba, anayesa tsiku lina masitepe a simenti aja, naterereka pa sitepe yachiwiri, n'kukhala pansi mwamphamvu. Sanathyoke fupa. Anangoti, "Dimba ndalisiya," ndipo anakoka mpando n'kuuika pawindo. Kuyambira pamenepo nyumba inati zii. Tsiku lina ndinaphika dala chakudya chopanda mchere, iwo anadya n'kunena kuti zikomo. Ine ndinakalira kubafa. Zikomo ameneyo anandiopsa kuposa tsiku la kuchipatala.

Ndiye matabwa aja anabwera patapita chaka amayi ali pawindo, akuyang'ana udzu ukumeza dimba lawo.

Nkhani itawapeza amalume, mlongo wawo wamng'ono wa amayi, anabwera akuthamanga. Amalume ndi kalipentala weniweni, wa pensulo kukhutu ndi chala chimodzi chachifupi. Anapeza bambo atayala manyuzipepala pabwalo, akudula patani ya thabwa lililonse ndi sizasi, n'kumaiika pathabwapo ndi kujambula ndi choko chawo cha pansalu.

"Alamu, mukusoka thalauza la njovu?"

"Ndikudula patani."

"Thabwa silifuna patani. Umayeza, umacheka, umakhoma."

"N'chifukwa chake zitseko zanu zimalira," anatero bambo.

Amalume anameza mawuwo chifukwa cha mlongo wawo, nadzipereka kuti azibwera Loweruka lililonse. Anakumba maenje, kuimika nsanamira m'simenti ndi kuyala mitanda, zonsezi akung'ung'udza. Zimene zinawapweteka kwambiri ndi zakuti bambo sankalola msomali kulowa m'thabwa asanayese. Telala amayamba wagwiriza chovala ndi ulusi wapatalipatali, mwiniwake ayese, kenako apite nacho kumakina. Bambo nawonso anamangirira khonde lonse ndi chingwe, thabwa ndi thabwa, ndipo kwa mlungu wathunthu kuseri kwathu kunkaoneka ngati phukusi lopita kutali. Anansi ankasuzumira pampanda, ena mpaka kubwera ndi mipando.

Poyala matabwa a pansi, bambo ankasiya kampata pakati pa thabwa ndi linzake, kokwana pensulo.

"Timipatati n'tachiyani?" ndinafunsa, ndikuyembekeza kuti amalume awaphulitsa.

"Munthu umamusiyira nsalu ya mawa," anatero bambo. "Amanenepa. Thabwanso likamwa mvula linenepa."

 Amalume anakanda kumutu ndi pensulo. "Apo mwalasa, koma mwangozi," anatero, ndipo tsiku lonselo sanayankhulenso ndi munthu.

Chisakasa ndicho chinatisonkhanitsa tonse. Tsiku lokweza mitanda yapamwamba, bambo ankafuna kukwera okha pamakwerero, amalume n'kuwakumbutsa kuti mutu umodzi susenza denga. Bambo anati chimenechi chilibe denga, ndi mitanda yokha yoti magalagadeya ayangepo. Mayi wa kunyumba yoyandikana, amene anali pampanda monga mwa masiku onse, anafunsa kuti nanga mvula ikagwa. Bambo anati munthu alowa m'nyumba. Mayiyo anachoka akupukusa mutu, ndipo pofika madzulo msewu wonse unali utamva kuti a Tiyeze amanga nyumba yodontha dala.

Amayi ankaona zonsezi pawindo. Ankaganiza kuti khondelo ndi la bambo ndi anzawo opuma pantchito, loti azikhalapo kunamizana za kale. Bambo sanawauze zoona, chifukwa ankawadziwa mkazi wawo: ukawauza kuti chinthu wawachitira chifukwa cha kudwala, sachikhudza n'komwe.

M'malo mwake anayamba khalidwe lachilendo. M'mawa uliwonse akatha tiyi ankauza amayi kuti akuwasokera siketi. Ankawaimika pabalaza, n'kuunjika pansi mabuku akale a masitayilo a zovala.

"Tapondani apa ndi wakumanja. Tsikani. Tsopano wakumanzere."

Akatero ankawonjezera buku kapena kuchotsa, kuyeza ndi tepi, kulemba m'kabuku kawo ka miyeso. Anayeza kuchokera pansi kufika m'chiuno, anayeza pamene ndodo imagwera, anawerenga mapazi amene amayi amaponda asanaime kuti apume.

"Siketi yanji yoyeza phazi?" anafunsa amayi tsiku lina.

"Ya masiku ano."

"Milungu itatu siketi imodzi! Nsalu yake ili kuti? Kapena mwakalamba, mwaiwala kuti siketi savala kumapazi?"

Mawu amenewo anali ochuluka kuposa onse amene amayi ananena mwezi umenewo. Bambo anandiyang'ana n'kutsinzina diso limodzi, koma ine, mbuli ine, sindinamve kanthu.

Masitepe anawapanga okha, mkati mwa mlungu, amalume kulibe. Loweruka amalume atafika anaima, chikwama cha zipangizo n'kugwa m'manja. Masitepe anali asanu ndi awiri, ndipo panalibe awiri ofanana. Ina yayitali pang'ono, yotsatira yaifupi ngati buku, kenako yayitali, kenako yaifupi. Yachinayi inali yotakata ngati tebulo. Chogwirira chinali mbali imodzi yokha, chotsika moti munthu wamtali ankayenera kuwerama ngati akutola ndalama. M'mphepete mwa sitepe iliyonse munali kadzenje kozungulira, kosema bwinobwino.

Amalume anaika levulo yawo, kachipangizo koonera ngati thabwa lapendekeka, apa ndi apo ngati dokotala wofuna mtima wa wodwala.

"Alamu, ndapirira patani, ndapirira chingwe. Koma awa si masitepe, ndi msampha. Masitepe amafanana. Phazi limaloweza yoyamba, enawo limangotsika osaganiza."

"Phazi la ndani?"

"La munthu aliyense!"

"Munthu aliyenseyo sindimudziwa," anatero bambo. "Zaka makumi anayi ndi ziwiri, kushopu kwanga sanabwerepo."

Ndiulule, ine ndinali mbali ya amalume. Ndinapsa mtima, ndinawauza bambo kuti awononga matabwa abwino ndipo tsiku lina adzapha mlendo. Ndinapangana ndi amalume kunong'ona kuti bambo akadzapita kukameta, tidzazule zonsezo. Bambo anangotenga sandipepala n'kumakwecha chogwirira, mpaka chinasalala ngati kolala ya malaya.

Amalume anaganiza zothetsa mkangano ndi umboni. Anaima pakhonde, kapu ya tiyi ili m'manja, naitana amayi kuti abwere pakhomo la khitchini adzaone zimene amuna awo achita.

"Alongo, onani munthu wabwinobwino mmene angatsikire apa."

Sitepe yoyamba anatsika mwaulemu. Yachiwiri inawafikira msanga phazi lisanayembekezere, yachitatu inachedwa. Dzanja linafunafuna chogwirira m'mwamba mmene munalibe kanthu. Yachinayi anaidutsa akuthamanga, ndipo zotsalazo sanaziponde n'komwe. Tinangoona kapu ikuuluka payokha, amalume ali chafufumimba m'udzu momwe kale munali tomato. Kumpanda kunamveka kuwomba m'manja.

Pamenepo tinamva phokoso limene tinali titaliiwala. Amayi ankaseka, atagwira chitseko, misozi ili mbwe.

"Iwe, kuyambira uli mwana sudziwa kuyenda!"

Bambo sanaseke. Anachotsa misomali iwiri imene anali ataluma, nayenda mpaka pakhomo.

"Amayi, siketi ija yatha. Bwerani muyese."

Amayi anayang'ana bambo, anayang'ana masitepe, anayang'ana timaenje tija ndi nsonga ya ndodo yawo. Kuseka kunatha. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa ndinadziwa kuti akakana lero sadzayesanso, ndipo akagwa lero tawataya pampando wa pawindo uja mpaka kalekale.

"Ndikagwa?" anafunsa motsitsa mawu.

"Ndinakusokeranipo chosakukwanani?"

"Diresi lobiriwira lija linkandithina m'khwapa."

"Munanenepa nokha."

Amayi anafwenthera, nawoloka khonde pang'onopang'ono, mithunzi ya mitanda ya chisakasa ikuwadutsa pamsana. Dzanja lawo linatsika n'kupeza chogwirira pomwe linafikira, osachifunafuna. Ndodo inalowa m'kadzenje ngati batani m'bowo lake. Anatsogoza mwendo wodwala pa sitepe yayitali, wamphamvu uja utawanyamula. Kenako wamphamvu unatsika pa yaifupi, wodwala usanayambe kunjenjemera. Pa yachinayi anaima, mapazi onse awiri ndi ndodo zitakwana bwino, napuma katatu monga ankachitira pabalaza. Bambo anali pambali, manja ali kumbuyo, osawagwira. Milomo yawo yokha ndiyo inkawerenga.

Phazi la amayi linaponda dothi. Amayi anayang'ana uku ndi uku kwa nthawi yaitali.

"Mandimuwa anawadulira ndani chonchi? Mbuzi? Ndipo chaka chonse m'nyumba muno mulibe munthu wodziwa khasu? Iwe, dzuka pa tomato wanga! Abambo, utuchi wonsewu mukuti asese ndani?"

Bambo anatembenuka n'kumapukuta magalasi ndi nsonga ya tepi, chinthu chosapukuta kanthu. "Yawakwana," anandiuza ndi mbali imodzi ya mlomo.

Amayi anatsika ndi kukwera masitepe amenewo zaka zisanu ndi chimodzi, kawiri patsiku, osaterereka ngakhale kamodzi. Magalagadeya anayanga chisakasa chonse mpaka mayi wa pampanda anayamba kudzapempha. Ogwa anali ena: wowerenga mita ya madzi, apongozi anga, ndi amalume kachiwirinso. Amayi ankakhala pamthunzi pakhondepo n'kumawalangiza ogwawo kuti aziyenda ndi maso.

Amayi atatisiya, patapita miyezi ingapo, amalume anabwera ndi sowo ndi levulo. Anayankhula mofatsa, mosiyana ndi kale.

"Alamu, ndiloleni ndiwalinganize. Ndi ntchito ya tsiku limodzi. Nanunso mwakula, mungadzagwe."

"Chovala sasintha mwiniwake kulibe," anatero bambo. Amalume anabweza sowo m'chikwama, ndipo anamwa tiyi pakhonde osatsika.

Masitepewo alipobe, ndipo ife a m'nyumba tinaphunzira kuti njira yotsikira osagwa ndi imodzi yokha. Umayamba ndi mwendo wakumanzere, umapendekera kumanja, dzanja lili m'munsi pa chogwirira. M'mawa uliwonse bambo amatenga chitini chothirira n'kutsika chotero, ndipo ine ndikawaona pawindo la khitchini ndimaona kayendedwe ka amayi, ndendende. Nane ndikamapita kukathyola mandimu ndimaima pa sitepe yachinayi n'kupuma katatu, ngakhale sindinatope.