Mkamwini wa Dzanja Limodzi ndi Lipenga Lake

Ezekieli Sakala atabwerako kosamba kudambo, anapeza mphasa yake itapindidwa, ili panja. Pamwamba pake anaikapo nkhwangwa ndi bulangete lake lakale la kunkhondo. Mkazi wake Yunesi anakhala pakhonde, khanda lawo, Esitere, lili pamiyendo, maso ali pansi.

Owerenga okondedwa, ngati munauzidwapo kuti mulibenso ntchito pa dziko lino, tcherani khutu, pakuti nkhaniyi ndi yanu.

Chinali chaka cha 1919, m'mudzi wa kwa Mtalala, kufupi ndi Mkaika. Ezekieli anali mkamwini pamudzipo, ndipo ntchito ya mkamwini inali yodziwika: kulima munda wa apongozi, kumanga nkhokwe, kufolera nyumba. Asanatengedwe kukasenza katundu wa asilikali pa nkhondo ya azungu, iye anali mlimi wamphamvu komanso katswiri pa ng'oma. Koma kunkhondoko bokosi la zipolopolo linamugwera pa dzanja lamanja. Bala linanyeka, ndipo dzanjalo analidula m'munsi mwa chigongono. Anabwerera kumudzi ndi chitsa cha mkono, chimene ankachikulunga m'nsalu kuti wina asachione. Anabweranso ndi chifuwa chimene chinasasitsa mawu ake mpaka kalekale.

Apongozi ake, a Nambewe, sakanalankhula naye maso ndi maso, chifukwa mwambo sunkalola. Anaima kuseri kwa nkhokwe, nalankhula mokweza ndi mwana wawo.

"Yunesi, uwauze alendowo kuti ine sindidana nawo. Koma khasu limafuna manja awiri. Chaka chino tadya gaga wopempha. Apite kwawo, iwe tikupezera wina."

"Amayi, awatu ndi bambo a Esitere."

"Nanga Esitereyo adya dzina la bambo ake?"

Ezekieli anapanira mphasa kukhwapa nauyamba ulendo. Atafika pamphambano, anamva mapazi kumbuyo. Anali Yunesi, wefuwefu.

"Bambo a Esitere, sangandikwatitse mwana akadali pa bere. Ndimuyamwitsa mpaka achite yekha manyazi. Koma inu musachedwe."

Kwawo kwa Ezekieli kunali kwa Chimbuna, m'tsinde mwa phiri la Mphangwe. Mayi ake anali atamwalira ndi chimfine choopsa chimene chinasesa midzi nkhondo itangotha, choncho anafikira kwa msuweni wake Goodson. Nayenso Goodson anapita kunkhondo, koma anabwerako ndi manja onse, ndipo anali atayambitsa gulu la mganda. Gulu lotere ankalitcha boma, ndipo mtsogoleri wake ankamutcha kingi. Anyamata ankavina m'mizere monga asilikali, ng'oma ikulira, malipenga akuyankha.

Ezekieli anapempha kulowa m'bomamo.

"Iwe msuweni," anatero Goodson akuseka, "ng'omayo uimba ndi chiyani, ndi mphuno?"

"Ndipatse lipenga. Limafuna dzanja limodzi."

Lipenga la mganda linali chikho chouma, choboola pambali. Kunsonga ankamatako kachikopa koyera kamene kangaude amakutira mazira ake pakhoma. Munthu ankaimbira pabowopo ndi mawu ake, kachikopako n'kumanjenjemera, mawu n'kutuluka akuthwa ndi okweza.

Ezekieli atayesa, panatuluka mawu onga a chule wopondedwa ndi ng'ombe. Ovina anasokoneza mapazi. Ena anagwa pansi ndi phwete. Goodson anapukuta misozi ya kuseka nati, "Pepa msuweni. Ntchito ilipo imodzi yokha: kuwaza madzi pabwalo kuti fumbi lisatitsamwitse."

Tangoganizani. Munthu amene ng'oma yake inkadzutsa midzi, tsopano atunge madzi owaza pansi! Koma Ezekieli anavomera, chifukwa ankafuna kukhala pafupi ndi nyimbo.

Tsiku lina masana, atakhuthula madzi onse, anaweramira mu mtsuko waukulu kuti aone ngati wang'aluka. Chifuwa chija chinamugwira, natsokomolera momwemo. Mtsuko unayankha ndi mawu aakulu, ozama. Ezekieli anaima chilili. Anang'ung'udziramo nyimbo, ndipo mawu ake osasa aja anatuluka olemera, okoma, mpaka ubweya wa pa mkono unaimirira.

Anauza Goodson kuti, "Mawu angatu sanafe. Chikho chako chija n'chimene chinali chaching'ono."

"Ndiye ufuna uzivina utasenza mtsuko?"

"Ndifuna chikho chachitali ngati mwendo wako."

"Chotero kulibe."

"Ndichibzala."

Anapempha mbewu za zikho zitalizitali kwa munthu wina wa ku Vubwi amene ankadutsa ndi malonda a makasu. Mvula itagwa, anakumba mayenje atagwada, ndi kakhasu kakang'ono m'dzanja lamanzere. Mbewu zinamera bwino, koma zikho zinakulira pansi, zinapindika, ndipo chiswe chinaziboola zonse. Chaka chathunthu chinapita pachabe.

Chaka chachiwiri anabzala m'tsinde mwa mtengo wa msuku, nakweza ziyangoyango zake m'nthambi kuti zikho zikule zili lendelende, kulemera kwake kuziwongole. Kuti zisathothoke, ankazimangira luzi, mbali ina atagwira ndi mano, ina ndi zala zakuphazi. Milomo inachekeka. Iye sanaleke.

Apo n'kuti uthenga wochokera kwa Yunesi utafika kudzera mwa mkazi wa Goodson: "Esitere akuthamanga, akulankhula, ndipo akandiyamwa amandiluma. Amayi a m'mudzi akundiseka. Kapitawo wina wa ku munda wa fodya wabwera kale ndi mchere ndi nsalu. Sindidziwa ngati ndifika dzinja likudzali."

Ezekieli analira tsiku limenelo. Kenaka anapita kukaona zikho zake.

Mwa zonse, chimodzi chokha chinakula mmene ankafunira. Chitauma, anachipanira ndi mapazi nachikumba m'kati pang'onopang'ono. Tizikopa ta kangaude tinkang'ambika kamodzikamodzi, chifukwa mpweya wa chikho chotere unali wambiri. Anayenda nyumba ndi nyumba kupempha kuti afufuze m'makoma, mpaka amayi anayamba kumutcha a Kangaude. Pomaliza anaphunzira kumata tiwiri, kena pamwamba pa kanzake.

Zokolola zitatha, boma la mudzi wina linabwera kwa Chimbuna kudzapikisana. Linali Loweruka masana, bwalo litadzaza. Alendowo anavala makabudula oyera mbee, ndipo anavina mwaluso moti anthu a kwa Chimbuna anayamba kuwomba m'manja mwamanyazi. Goodson anayang'ana msuweni wake, amene anaima kumbali ndi chikho chake chachitali.

"Tagonja kale," anatero Goodson. "Lowa, asekeretu zonse pamodzi."

Ezekieli analowa. Anakweza lipenga ndi dzanja lake limodzi, koma linali lolemera, ndipo nsonga yake inagwera pansi. Anayesanso, linagwanso. Phwete linayamba kumbuyo, n'kufalikira bwalo lonse.

Njira inalipo imodzi yokha, ndipo iye ankaidziwa. Chibwerere kunkhondo, panalibe munthu amene anaona chitsa cha mkono wake, ngakhale Yunesi. Ezekieli analuma mfundo ya nsalu ija, naimasula ndi mano, naitaya pansi. Anakweza chitsacho padzuwa, zipsera zonse zili poyera, natsamiritsapo lipenga. Linakhala bwinobwino, ngati malowo analengedwera ntchito imeneyo.

Anakoka mpweya, naimba.

Amene analipo ankati mawuwo sanayambire m'makutu, anayambira pansi. Analowa kumapazi, nakwera m'miyendo, nafika pachifuwa. Nkhuku zinabalalika. Mayi wina amene anasenza chipanda cha thobwa anaima pomwepo, thobwa likutayikira pamapewa iye osamva. Woimba ng'oma anaiwala manja ake m'mwamba. Mawuwo anakagunda phiri la Mphangwe nabwerera, ndipo zinali ngati phirilo likuimba nawo.

Kenaka malipenga ang'onoang'ono analowa, nayandama pamwamba pa mawu aakuluwo. Ng'oma inadzidzimuka niyamba. Anyamata a Goodson anaponda pansi pamodzi monga munthu mmodzi, ndipo anavina monga sanavinepo. Nyimbo itatha panalibe wowomba m'manja. Kingi wa alendo aja anavula chipewa, nayenda mpaka pamene panali Ezekieli, nagwira chitsa chija ndi manja ake onse awiri monga mmene timaperekera moni kwa akuluakulu.

Masiku amenewo kunalibe wailesi. Wofuna kumva nyimbo zabwino ankafunsa anzake panjira, pachitsime, pakhonde la sitolo: "Loweruka lino kukulira kuti?" Ndipo dzina la Ezekieli linayenda pakamwa pa anthu, mpaka ku Sinda, mpaka ku Vubwi.

Tsiku lina amuna awiri apaulendo anaima kwa Mtalala kupempha madzi akumwa, ndipo anawatungira ndi a Nambewe. Mmodzi ankachokera ku ntchito ku Halale, ndipo ankafunsa mnzakeyo kumene angakaone mganda wabwino asanafike kwawo.

"Zitengera chimene mukufuna, achimwene," anayankha mnzakeyo. "Mukafuna zovala zoyera ndi nsapato, pitani ku tauni ya Fort Jameson, mukaone anyamata ophikira azungu. Mukafuna ng'oma yothamanga, pitani ku midzi ya ku Sinda, koma mukafike msanga, akaledzera amasokoneza. Koma mukafuna chinthu choti mukasimbire adzukulu anu, pitani kwa Chimbuna. Kuli munthu wa dzanja limodzi. Musakaime kumbuyo, mukaime pafupi, kuti mukamve nthiti zanu zikunjenjemera."

"Ine ndamva malipenga a mkuwa ku Halale."

"Amenewo ndi ana. Kaoneni bambo wawo." Anatembenukira kwa a Nambewe. "Paja amati anakwatira m'mudzi muno, amayi?"

"Sindimudziwa," anatero a Nambewe, nalanda chikho cha madzi.

Koma Loweruka lotsatira anamanga nsalu yawo yabwino, nauza Yunesi kuti akupita kukaona wodwala. Yunesi anawatsatira chapatali, Esitere ali kumbuyo. Onse anakapezeka kwa Chimbuna. A Nambewe anabisala pakati pa amayi ena. Lipenga litalira, anagwira dzanja la mayi wosamudziwa amene anali pambali pawo, ndipo sanalisiye mpaka nyimbo inatha.

Komabe lipenga silidzaza nkhokwe, ndipo Ezekieli ankadziwa zimenezo. Mitambo inali itayamba kusonkhana. Kapitawo uja anali atatuma kale ankhoswe ake kwa Mtalala.

Pa nthawiyi maboma ena anayamba kumunyengerera Ezekieli kuti asamukire kwawo. Goodson atamva, anabwera akuthamanga.

"Msuweni, ukachoka ife tatha. Tikupatse chiyani? Mbuzi? Ukingi wanga?"

"Ukingi wako ndidya? Ndifuna makasu. Chaka chilichonse mvula ikagwa, boma lonse likalime munda wa apongozi anga."

"Apongozi amene anakuponyera mphasa panja?"

"Omwewo. Mkazi wanga ndi mwana wanga amadya za m'munda umenewo."

Mvula yoyamba itagwa, anthu a kwa Mtalala anamva nthaka ikunjenjemera m'mawa dzuwa litangotuluka. Anatuluka m'nyumba naona mzere wautali wa anyamata ukutsika kuchokera kumtunda, aliyense khasu paphewa, mapazi akugunda pamodzi. Patsogolo panali Ezekieli, lipenga lili pa chitsa cha mkono wake. Analowa m'munda wa a Nambewe osafunsa munthu. Lipenga likati pansi, makasu onse pansi. Likati m'mwamba, makasu onse m'mwamba. Mudzi wonse unaima m'mbali mwa munda kuonerera. Dzuwa lisanafike pamutu, munda umene unkatenga mwezi kuulima unali utagalauzidwa wonse, mpaka ndi tsala limene linagonera zaka.

A Nambewe anayenda m'mizeremo, akutola dothi ndi kulifikisa m'manja. Kenaka anatembenuka, napereka msana kwa Ezekieli monga mwa mwambo, nalankhula mokweza kuti mudzi wonse umve.

"Yunesi, mchere uja ubwezedwe kwa mwini wake lero lomwe. Ndipo uwauze akamwini anga kuti denga la nyumba yawo likudontha mbali ya kum'mawa. Ngati zavuta, abwere nawo anzawowa."

Goodson anagwetsa khasu. "Msuweni, za denga sitinapangane!"

Yunesi anaseka misozi ikutsika. Anatsitsa Esitere, namukankhira kutsogolo. Mwanayo anayenda mpaka kwa bambo ake, naima kuyang'ana chikho chachitali chija, chimene chinamuposa msinkhu.

Owerenga okondedwa, lero m'matauni mwathu anthu amafunsanabe kuti oimba abwino akuimbira kuti, ndipo tikamva dzina lotchuka timaganiza kuti mwini wake anabadwa nalo. Sitiona chaka chimene chiswe chinadya zonse. Sitiona milomo yochekeka ndi luzi, kapena madzi owaza pabwalo la anzake.

Mwina inunso muli ndi chitsa chimene mwachikulunga m'nsalu: mayeso amene munalephera, chilema, umphawi wa kwanu, ntchito imene inatha. Mwina mwayesa kamodzi anthu nakusekani. Bzalaninso. Chimene mukuchita nacho manyazicho mwina n'chimene chidzanyamule mphatso yanu pamaso pa anthu. Mtima wanu usagwe, mbale wanga, mlongo wanga. Masulani nsaluyo, kokani mpweya, ndipo imbani.