Mchere wa m'chitsulo

Nthawi imeneyo sitima zinkayendabe m'Shire, ine ndili ndi mwana mmodzi kumbuyo. Akazi tonse a pamudzi pathu tinkaphika mchere. Tinkapala dothi loyera kudambo, n'kulitcheza m'miphika yobowola, madziwo n'kuwawiritsa mpaka aphwe. Ntchitoyi inali ndi malamulo ake. Wophika ankagona padera ndi mwamuna wake, ndipo mwamuna sankayandikira pamotopo, kuopa kuti mchere ungatenthe n'kudula ana.

Chimene chinkandinyansa ine ndi miphika yadothi. Uwiritse tsiku lonse, nkhuni zithe, kenaka mphika n'kung'aluka, thukuta lako lonse n'kuthera m'phulusa.

Amuna anga ankasenza nkhuni za sitima ku Chiromo. Tsiku lina anabwera ndi mgolo wachitsulo wodula pakati, ine n'kuuyesa. Mchere unatuluka woyera ngati thonje, wambirinso, dzuwa lisanapendeke. Amalonda a Chisena anayamba kulambalala makomo a anzanga n'kumadzaima pakhomo panga. Ndisaname, ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Koma mgolowo unali wolemera, ndiye woukweza pamafuwa anali amuna anga omwewo. Anthu anaona. Kuyambira pamenepo kuchitsime nkhani zinkaduka ine ndikafika.

Kenaka mwana wa mnzanga woyandikana naye nyumba anayamba kutupa miyendo ndi masaya. Mchere wa m'ndiwo zawo unali wanga, wowapatsa ndekha ulere. Nditapita kukamuzonda, amake anaima pakhomo osandipatsa njira. Anati mwana wagona, ine ndikumumva akubuula m'katimo.

M'mawa mwake nkhuku yanga imodzi inasowa. Tanthauzo lake ngakhale mwana ankalidziwa. Anthu a pamudzi anali atapita nayo kuthengo kukaimwetsa mwabvi m'dzina langa, poti boma linkaletsa kumwetsa anthu. Koma boma linali kutali. Nkhukuyo ikafa, wotsatira kumwa ndinali ine.

Ndinachita mantha, ndinapsanso mtima. Pamphasa ndinkagona ndekha monga mwa lamulo. Kodi kukweza mgolo wopanda kanthu ndiko kuphika? Komabe mutu umodzi susenza denga. Ndinaugubuduza mgolo uja masanasana, onse akuona, mpaka unamira mumtsinje. Palibe anabwera kudzandiuza kuti zatha.

Amene anabwera ndi amayi anga ondibala. Ndinawaphikira mlamba, ndipo ndisanathire mchere anandigwira dzanja. Anamasula pansonga ya nsalu yawo katsamba ka mchere wakuda, wa m'mphika wadothi, n'kuthira okha. Anadya pang'ono, akudyetsa mdzukulu wawo, maso ali pansi. Ndinawafunsa za nkhuku ija, iwo anangopitiriza kudyetsa mwanayo.

Atasamba m'manja anamutenga mwanayo pamiyendo panga n'kumubereka kumsana kwawo.

"Uyu azidya kwa ine," anatero, "mpaka tione."

Mwanayo anandiyang'ana akupita, osalira. Ankayesa akukacheza kwa agogo ake.