Bondo Lokana Kugwada

Ndikukumbukira chaka chimene madiresi anga onse anafupika nthawi imodzi. Ndinali mu Sitandade 7 kwathu ku Kaluluma, ndipo pasukulu panalibe mtsikana wondiposa liwiro. Tinkathamanga opanda nsapato pabwalo lafumbi lodzaza ndi zitsa za udzu, ndipo aphunzitsi anali atandisankha kale kukaimira sukulu pa mpikisano wa zoni.

Apa m'pamene bondo lamanzere linayamba zake. M'munsi mwake munatuluka kachotupa kolimba ngati nthudza yosapsa. Pothamanga kankapweteka mopiririka, koma pogwada zinkakhala ngati ndagwadira msomali. Tsono kwathu mwana wamkazi ntchito yake inali ya maondo. Kupereka madzi, ugwade. Akakuitana akulu, ugwade. Ngakhale kudambo, pozula udzu m'nazale ya fodya, kunalinso kugwada komweko. Ndinaphunzira kuzemba: ndinkangopinda miyendo pang'ono, chitenje n'kubisa zotsalazo.

Chinyengo changa chinaululika tsiku limene kunabwera azakhali a ku Mtunthama, mlongo wawo wa abambo. Anatipeza pachigafa tikusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni, fungo la masamba ofota likuyabwa m'mphuno. Amayi anandituma madzi akumwa. Ndinabwera nawo, ndinapinda miyendo mwa nthawi zonse, koma azakhali anali atakhala pansi pamphasa ndipo anaona bwinobwino kuti maondo ali m'malere. Kapu ija sanailandire.

"Mlamu," anatero kwa amayi, "uyu mukulera mtsikana kapena mtengo wa bulugamu?"

Amayi anachita manyazi kwambiri, ndipo manyazi a amayi ankathera pa ife ana. "Ndi kuthamangaku," anatero. "Esinati, kuyambira lero zothamanga zatha. Bondo lotha kuthamanga silingalephere kugwada."

Ndinanena kuti limapweteka, koma mawu anga anamveka ngati a mwana wothawa ntchito. Ndinalira, osati chifukwa cha bondo, koma chifukwa kuthamanga chinali chinthu chokhacho chimene ndinkachita bwino kuposa aliyense.

Abambo anali pamwamba, akupachika mikangala ya fodya. Anali munthu wosalankhulalankhula, moti tinkaiwala kuti amamva. Anatsika pang'onopang'ono n'kundiuza kuti ndiloze pamene pankapweteka. Nditaloza, anapinda buluku lawo lantchito mpaka m'bondo. Pamalo omwewo panali chotupa chonga changa, chachikulupo, chouma gwaa ngati mfundo ya mtengo.

"Amake Esinati, ichi mwachiona zaka zonsezi. Munayamba mwanditchulapo wamwano?"

Azakhali ndi amene anaphulika kuseka. "Ii, paja achimwene munatsimphina chaka chathunthu tili ana! Ife tinkati mukuthawa kubusa." Palibe amene anawafunsaponso abambo za bondolo kuyambira paubwana wawo, poti mwamuna akafika kwa akulu amangonjuta, bondo osakhudza pansi.

Mlandu unatha mogawana. Abambo anati ndipume mpaka fodya atachoka m'chigafa, choncho mpikisano wa chaka chimenecho unandipita ndipo kunapita mnzanga amene ndinkamusiya kutali. Amayi anavomera kuti pambuyo pake ndidzathamangenso, koma anaika lawo lamulo: ndizigwada ndi bondo limodzi, lamanja, ndipo lizifikadi pansi. Azakhali anamwa madzi aja.

Lero ndadutsa zaka makumi anayi ndipo ndimathamangabe, Loweruka m'mawa, ndi anzanga angapo a m'tauni ya Kasungu. Dokotala wina anandifotokozera kuti paubwana mafupa anakula mofulumira kuposa mitsempha, mtsempha n'kumakoka fupa lanthete la pamenepo mpaka linatukuka, ndipo silibwereranso. Ndimamanga kalamba m'munsi mwa bondo, ndimasankha misewu yafumbi ya pakati pa minda m'malo mwa phula, ndipo likadandaula ndimalimvera n'kupuma masiku angapo. M'gulu mwathu muli amuna awiri a chotupa chomwechi. Onse amati paubwana palibe anawavutitsapo nacho. Atsikana a masiku ano amangopinda miyendo monga ndinkachitira ine, ndipo sindinamvepo kuti wina wazengedwa mlandu.

Lamulo la amayi ndinalisunga ngakhale pachinkhoswe changa, ndipo apongozi anazolowera. Ndinaliphwanya kamodzi kokha, pamaliro a abambo. Nditafika pafupi ndi bokosi, ndinagwada ndi maondo onse awiri pa simenti. Ululu uja unabwera monga kale, osachepa ngakhale pang'ono. Amayi anandinong'oneza kuti ndidzuke ndingadzipweteke, koma ndinakhalabe pomwepo, chifukwa cholowa chimene abambo anandisiyira ine ndekha chinali chimenecho.