Dalaivala wa m'kompyuta ya amalume ako

Ayi, sindinawatukwane asewele. Amayi akowo akamafunsa choncho ndiye kuti nkhani yawapeza ku Lilongweko itapindika kale. Lemba mmene ndikunenera ine, usakonze, awerenge okha.

Chinayambitsa ndi vidiyo ya ukwati wa mwana woyamba wa amalume ako. Amalume akowo ndiye mwana wanga yekhayo wamwamuna, koma chipitireni kuchikamwini ku Manjawira ndimamuona ngati mlendo. Denga la apongozi ake likadontha, ndi iye. Sola ikawavuta, ndi iye. Ine kumtunda kuno ndimakumba ndekha kachewere, msana uli phwee. Ndiye ukwati utatha anakonza vidiyoyo pa kompyuta yake yopinda ija, imene amagwirira ntchito yojambula maukwati a anthu, n'kuionetsa kwa apongozi akewo kawiri konse. Anandiuza ndi asewele eni ake titakumana pamsika wa Lizulu, ati anthu anadzaza khonde mpaka ena kuima pabwalo. Atatero anandifunsa ngati ine ndaonera kale. Yankho ankalidziwa.

Ndinamuimbira mwana wanga tsiku lomwelo, ndipo anati abwera Loweruka masana. Ndinaitana amayi anzanga asanu a kwaya, ndinakonza thobwa, ndinatchinga zenera ndi chitenje poti ati pakawala zithunzi sizioneka. Ndinkafuna nawonso akanene kwawo kuti kwa uje tinaonera.

Anafika pa kabaza, chikwama kumsana. Anaika kompyutayo patebulo, n'kudina batani. Panabwera timadontho tozungulira, tikungozungulira ngati nkhuku ya chitopa. Kenaka tinaima. Basi, osapita kutsogolo, osabwerera. Tinadikira. Mayi wina anatsokomola, wina anayamba kufunsa za mtengo wa feteleza kuti angotseka manyazi anga.

Mwana wanga anakanikiza batani mpaka inazima, n'kuyatsanso. Chimodzimodzi. Anazula chingwe cha sipika, anazulanso kambewa kaja amakayendetsa ndi dzanja. Chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutuluka pamphuno, ngati mmene ankachitira ali mwana akataya mbuzi. Ndiye ndinamumva akudziyankhulira pansipansi kuti vuto ndi dalaivala wadzulo uja, akanadziwa sakanamulola kulowa.

Apa umvetse. Asewele ali ndi mwana wamwamuna woyendetsa minibasi, ndipo sangamalize kukupatsa moni osamutchula. Dalaivala wanga wagula ichi, dalaivala wanga wandipititsa uku. Paukwati ndiye ananyamula mkwatibwi, amayi ake ali kutsogolo, ine ndili m'lole ndi miphika. Tsono munthu ukamva kuti dalaivala, wadzulo, ku Manjawira, uganiza za ndani?

Ndinaimirira. Ndinawauza amayi aja kuti aone okha, kwa eni ake yaonetsa kawiri, yafika kwa ine yafa, chifukwa dalaivala wa asewele waigwiragwira dala.

Mwana wanga anati, “Amayi, dalaivala ameneyu si munthu.”

Ine ndinati, “Nanenso ndikudziwa kuti si munthu. Ndinamuona kalekale.”

Mawu anga ndi amenewo, palibe ena. Lemba choncho.

Anandigwira dzanja n'kundikhazika pansi. Anati dalaivala ndi kanthu ka m'kati mwa makinamo, kosaoneka, kamene kamauza kompyuta mmene ionetsere zithunzi. Kakale kankagwira bwinobwino, koma dzulo lakelo iye anakatenga katsopano pa intaneti, ati nkhope zizioneka bwino chifukwa maso anga anayamba kuchita nkhungu. Katsopanoko ndiye sikanagwirizane ndi makina ake okalamba. Anachitira ine, koma mawu aja anali atatuluka kale, makutu khumi atawamva.

Kukonza kwake ndinaonerera ndili pambali pake. Ankayatsa, timadontho tikangoyamba n'kuzimitsa. Anatero katatu, ine n'kumati akuipheratu. Kachinayi panabwera buluu yekhayekha ndi zolemba. Anasankha apa, anasankha apo, kenaka inatseguka, koma zinthu zonse zikuluzikulu, zonyansa, kumbuyo kuli bii. Anati imeneyo ndi sefu modi, kompyuta ikuyenda yokha popanda dalaivala uja, ngati munthu woyendera ndodo. M'menemo ndi mmene anakamupeza, n'kumuchotsa, n'kubwezeretsa wakale. Nthawi yonseyi maso ake ali pakona pamene pamaonetsa batire, poti kwa ine kulibe magetsi. Sola ili kwa apongozi.

Anazimitsa n'kuyatsanso. Timadontho tinazungulira. Tinadutsa. Amayi aja anaimba nthungululu.

Ndiye tinaonera. Polowa m'tchalitchi, asewele. Potuluka, asewele akuvina. Pamalangizo, asewele agwira maikolofoni, akulankhula mpaka thobwa wanga kutha m'makapu. Mkwatibwiyo anakulira m'manja mwawo, sindikukana, koma magazi angawa alimonso. Ine ndinaoneka kamodzi, msana wokha, nditawerama kukonza chovala cha mkwatibwi chimene chinakodwa pampando. Mayi wina anati duku ilo ndi lanu, eti? Ndinati ndi langa. Mwana wanga anati ndidikire, pa perekaniperekani ndikuoneka bwino kwambiri, nkhope yonse. Tisanafike pamenepo batire inatha. Sindinadzione mpaka lero, ndipo sindikudziwa ngati ananena zoona kapena ankangondipepesa.

Mmodzi mwa amayi a kwaya aja ali ndi mchemwali wake ku Manjawira. Pofika Lolemba nkhani inali kwa asewele, yoti ndanena kuti mwana wawo si munthu komanso amalodza makina. Zolodzazo awonjezera okha. Amalume ako anandiimbira dzana, mawu ali otsika. Ati mkazi wake sakumuyankhula, apongozi akamuona amangothawira m'nyumba. Iye ndi mkamwini, alibe poponda pamudzi paja akapanda kugwirizana nawo. Sanandikalipire. Anangondifunsa ngati miyendo yanga ili bwino yoti n'kuyenda ulendo.

Ndiye uwauze amayi ako kuti ndipita Lachinayi. Ndinyamula dengu la kachewere wamkuluwamkulu, ndikakhala pamkeka wa asewele, ndikanena kuti ndinalakwira mwana wawo, sanagwire kanthu. Zimenezo ndikanena ndi mtima umodzi, chifukwa wanga asavutike ndi pakamwa panga. Koma asayembekeze kuti ndikayamikira kavinidwe kawo. Ndipo amayi ako amuuze mlongo wawoyo kuti kompyuta ikhale yotchaja, ndikaonera mbali yotsalayo komweko, asewele ali pompo. Ngati nkhope yanga mulidi, aione nawo. Ngati mulibe, ndikangotsanzika bwinobwino n'kukwera minibasi, ngakhale ikhale ya mwana wawoyo.

Wamaliza? Usandiwerengerenso, ndingayambe kuchotsa zina. Tumiza pompano.