Minga ya Alamu Anga a Bernado

Alamu anga a Bernado anabwera kwathu ku Ngauma kudzakhala chikamwini atanyamula zinthu ziwiri: bulangeti ndi kamtengo kaminga m'chitini. Munali mu 1953. Kwawo kunali ku Mandimba, koma anali atagwirako ntchito yosamalira maluwa kwa Mpwitikizi wina wa njanji ku Cuamba, ndipo ankati mkazi wa bwanayo pobwerera kwawo anawasiyira kamtengoko. Kunena zoona sanawasiyire, anakataya kudzala, chifukwa ndi kutentha kwa ku Cuamba kankangofota osabala. Alamu anachita kutola.

Ine ndine Laurinda, mng'ono wake wa Felismina amene anamukwatirayo, choncho ndili ndi ufulu wowanena mmene ndingafunire. Anali munthu wamfupi, wa dazi lofulumira, woyankhula pang'onopang'ono ngati mawuwo akuchita kugula. Kamtengo kawoko ankakatchula kuti falamboeza, ndipo ankakwinya nkhope munthu akati mabulosi aminga. Mudzi wonse unkati mabulosi aminga.

Tsono kwathu mkamwini sankadzala mtengo. Ankalima chimanga ndi fodya, zokolola chaka chomwecho, poti iye ndi mlendo, tsiku lina akhoza kuuzidwa kuti apinde bulangeti lake. Mkamwini wodzala mango ndiye kuti akuuza eni mudzi kuti sadzachoka. Ndiye amayi athu, a Margarita, atamva kuti mlendo uja wakumba dzenje kuseri kwa nyumba yake, anayamba kuyankhula ndi khoma.

Za khomali ndifotokoze. Mkamwini ndi apongozi ake aakazi sankaonana nkhope. Akakumana panjira, mkamwini ankalowa patchire, apongozi n'kudziphimba kumaso ndi chitenje chawo, chimene kwathu timati kapulana. Pakakhala mawu, ankauza khoma, mbuzi kapena mtondo, mokweza bwino kuti mwini nkhani amve.

"Khoma iwe," anatero amayi, "ukawafunse abambo a m'nyumba umo ngati adzalacho ndi mtengo."

"Khoma, ukawauze amayi kuti si mtengo ayi," anayankha alamu atanyonyomala kuseri kwa nkhokwe. "Ndi kaudzu chabe kachizungu."

"Udzu waminga?"

"Azungu amadya zipatso zake, amayi. Pepani, ndimati khoma."

"Ukawauze kuti kuno minga tili nayo yambiri. Sitinatume munthu kukatitengera ina ku Cuamba."

Kamtengo kaja katamva kuzizira kwa kwathu kumtunda, kanapenga. Kanatulutsa nthambi zazitali, zotuwa ngati wazithira ufa, za minga yokhota ngati mbedza. Alamu ankathira manyowa a mbuzi, kuyala udzu patsinde, kumanga timitanda tansungwi toti nthambizo zitsamire. M'mamawa asanamwe n'komwe madzi anali ali komweko. Felismina ankadandaula kuti akazi anzake mitala yawo ndi ya anthu, iye yake ndi ya minga. Ndipo chaka choyamba chonse sipanaoneke chipatso ngakhale chimodzi.

Chimene chinatidabwitsa n'chakuti mtengowo unkayenda. Nthambi ikatalika inkawerama, nsonga yake n'kugunda pansi, n'kumera mizu pomwepo, basi tsinde latsopano. Limenelonso n'kutalika, n'kuwerama, n'kumera. Ndipo mwa mbali zonse za dziko lapansi, unasankha kulowera kunyumba ya amayi. Amayi ankauza mbuzi kuti awa ndi mankhwala, mkamwini akufuna kulanda mudzi.

Chaka chachiwiri mvula itatha, zipatso zinabwera, zofiira psuu. Tonse tinathamangira kukalawa, tonse tinalavula. Kuwawasa kwake kunali kogwedeza mano.

"Sizinapse," anatero alamu. "Dikirani zide."

"Zide? Chipatso chikada ndiye kuti chawola, alamu!" ndinatero ine.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mlamu wanga."

Tinawaseka mpaka misozi. Koma tsiku lina ananditengera kamodzi kakuda bii, kofewa, kongovuka pa kachitsa kake ngati kachisoti. Nditakaika m'kamwa ndinakhala chete. Ine kukhala chete si chinthu wamba, mukafunse aliyense wondidziwa. Vuto lake linali limodzi: ukadya, milomo ndi lilime zinkada, ndipo madzi sankachotsa msanga.

Apa mpamene panabuka wakuba. Alamu akapita kumunda, pobwerako ankapeza zakupsa zonse za mbali yoyang'ana kwa amayi zatha. Anati ndi apumbwa. Anamanga chiopsezo n'kuchiveka jekete lawo limodzi lomwelo, iwo n'kumapita kutchalitchi akunjenjemera ndi chisanu. Zipatso zinkathabe.

Ife tonse wakubayo tinkamuona. Amayi ankabwera pamtondo milomo ili bii, lilime ngati la mbuzi yodya makala. Ukawayang'anitsitsa ankati, "Ndi mankhwala a dzino." Dzino limeneli linkawawa nthawi ya mabulosi yokha. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo munthu mmodzi yekha amene ankafuna kudziwa ndi amene mwambo unkamuletsa kuyang'ana nkhope imeneyo. Ndipo ndi milomo yakudayo amayi ankaima pakhomo n'kumauza khoma kuti minga imeneyi izulidwe, mwini wake abwerere nayo kwawo.

Kenaka alamu anatchera ulimbo. Madzulo ake anapeza wagwira, koma osati mbalame. Panali kachidutswa ka kapulana wa maluwa achikasu. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kukaika m'thumba, n'kuchotsa ulimbo wonse tsiku lomwelo.

"Mwagwira chiyani, alamu?" ndinafunsa, chiseko chili pakhosi.

"Pumbwa wa ku Ngauma ndi wamkulu," anatero. "Ulimbo sungamuthe."

Ndinauza Felismina kuti amuna ake mtima ali nawo wabwino, koma mutu anauiwala ku Cuamba.

Zinthu zinaipa chaka chimene chilimwe chinakula. Madzi pachitsime anachepa, ndipo alamu akatunga ankayambira kwa falamboeza, fodya wapanazale n'kumalandira zotsala. Theka la mbande linauma. Ngati zimenezo sizinakwane, atsibweni athu a Manueli, eni mbumba, tsiku la Mulungu anadzera kanjira ka kuseri atavala buluku latsopano logula ku Nyasalande. Nthambi imodzi inawakola kumbuyo. Anafika kutchalitchi atadzimanga jekete m'chiuno, ndipo mapemphero onse anachita ataima chotsamira khoma.

Sabata yomweyo anaitana ankhoswe. Pamenepo kuseka kunandithera, chifukwa Felismina anali ndi mwana wakhanda kumsana, ndipo amuna akewo ankawakonda, ndi minga yawo yomwe. Tinakhala pabwalo la amayi, iwo ali kuseri kwa mpanda wa udzu, alamu atazyolika poteropo. Atsibweni anawerenga milandu: fodya, buluku, ndiponso kudzala chinthu chosafa pamalo a eni. Kenaka anatembenukira kumpanda.

"Achemwali, inu mukuti bwanji?"

Amayi anali atayankhula ndi khoma zaka zonsezi, mudzi wonse ukumva. Akanameza bwanji mawu awo?

"Ine ndinanena kale," anatero motsitsa.

Mlandu unatha pomwepo: mkamwini abwerere ku Mandimba. Felismina anayamba kusisima. Alamu sanatsutse. Anawomba m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Ndamva, eni mudzi. Ndinabwera ndi bulangeti ndi falamboeza. Ndipita nazo zomwezo."

Anatenga khasu. Anakumba tsinde loyamba lija, n'kulikulunga m'chiguduli. Kenaka anapita pa lachiwiri, lachitatu, kutsatira mzere wonse wolowera kunyumba ya amayi. Khasu linkamveka kuti phu, phu, kuyandikira mpanda.

"Khoma iwe!" Mawu a amayi anatuluka ngati aponda moto. "Ukamufunse mkamwini ngati kwawo ku Mandimba ukwati ukatha ana amapita ndi bambo!"

Khasu linaima.

"Khoma, ukawauze amayi kuti ana amatsala kwa eni mbumba."

"Nanga akukumbawo n'chiyani? Tsinde limene anabwera nalo ndi limodzi, la m'chitini. Enawo anabadwira padothi langa. Ndi mbumba ya pano!"

"Achemwali," anatero atsibweni, "kodi mukunena minga?"

"Ndikunena ana! Ndipo ana aang'ono otere angawasiye ndi yani? Ine za manyowa ndi zodula nthambi zakale sindizidziwa. Ndakalamba, sindingalere ana amasiye. Wabala yekha, alere yekha. Akhale pompano mpaka akule!"

Mkwiyo utawakwera, amayi anasuzumira pamwamba pa mpanda kuti awaloze chala achimwene awo. Alamu anagwetsa nkhope pansi msangamsanga. Ena tonsefe tinayang'ana, ndipo milomo inali bii, ya m'mawa womwewo. Nkhoswe ya kuchimuna inayamba kutsokomola, ya kuchikazi inadziphimba ndi chipewa, mapewa akugwedezeka. Atsibweni anayang'ana mlongo wawo, n'kuyang'ana minga ija, n'kupukusa mutu.

"Mkamwini asoke buluku langa," anatero, n'kunyamuka.

Alamu anabwezera zonse m'maenje mwake tsiku lomwelo. Ana aja sanakule mpaka kalekale, poti chaka chilichonse ankabala anzawo. Fodya anayamba kumuthirira poyamba, ndiwayamikire pamenepo. Anthu ochokera ku Itepela ankabwera kudzapempha mbewu, ndipo alamu ankawapatsa pamodzi ndi ulaliki wautali wa kudikira kuti zide. Amayi sanasiye kuuza khoma kuti mingayo ndi yonyansa, dzino lawonso silinapole.

Mu 1959 amayi anadwala matenda amene anawatenga. Phala ankakana, madzi ankangonyambita. Tsiku lina masana anandikoka dzanja n'kunong'ona kuti akufuna mankhwala a dzino. Ndinakawauza alamu. Anathyola zakuda zokhazokha, kudzaza kambale, n'kudzaima pakhomo atatembenukira kunja kuti ine ndilandire.

"Alowe," anatero amayi.

Alamu analowa chafutambuyo, akupapasa ndi chidendene.

"Tembenukani, bambo. Khoma latopa."

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kugwada. Aka kanali koyamba kuti anthu awiriwa ayang'anane. Amayi anatenga chipatso chimodzi, n'kutafuna, n'kutenganso china. Kenaka anatulutsa lilime ngati kamwana.

"Pumbwa wanu uja ndi uyu."

"Ndinkadziwa, amayi," anatero alamu. "Chiyambire tsiku la ulimbo, minga inakubayaninso?"

Amayi anaganiza. "Ayi. Mbali yanga ilibe minga. Ndinkati mtengowo wandizolowera."

Alamu anatambasula manja. Zala zazikulu zonse ziwiri zinali zipsera zokhazokha. Chaka ndi chaka, zipatso zikayamba kufiira, ankapala minga ndi kampeni pa nthambi zonse za mbali ya amayi, umodziumodzi, ife tikuyesa akusaka mbozi. Ine amene ndinkati mutu anauiwala ku Cuamba ndinasowa poyang'ana.

Amayi anaseka mpaka kutsokomola, kenaka misozi inatsika. Anagwira zala zija osazisiya.

"Mwana wanga," anatero, "udzale mango."

Mango anadzaladi, ndipo alipo mpaka lero. Koma kufikira ukalamba wawo, zipatso zikayamba kufiira alamu ankatengabe kampeni kaja n'kukapala minga mbali yoyang'ana kunyumba ya amayi, ndipo zakupsa za kumeneko sankalola munthu kuthyola. Apumbwa enieni ndiwo ankadya.