Mpikisano wa Lachisanu

Sukulu yathu ya sekondale inali yoyendera, ndipo inamangidwa m'malire mwa minda ya tiyi kufupi ndi Makwasa. Nthawi ya masewera olimbitsa thupi inalipo, koma zaka ziwiri zoyambirira inkadyedwa ndi masamu. Aphunzitsi a masamu ankangolowa m'kalasi n'kunena kuti palibe munthu amene anakhozapo mayeso a boma chifukwa chodumpha chingwe. Ifenso sitinkadandaula. Ambiri tinkachokera kutali wapansi, ena ku Khwethemule, ndipo tinkaona kuti thupi tinkalilimbitsa kale panjira.

Nditalowa Fomu 3 kunabwera aphunzitsi atsopano, achinyamata, ongomaliza kumene maphunziro awo. Ankaphunzitsa sayansi, koma m'khosi mwawo simunkachoka wezulo. Iwowa anakana kupereka nthawi ya masewera kwa wina aliyense. Tsiku loyamba anatitulutsa tonse, natiimika mumsewu wafumbi wolowera kuesiteti.

"Zambiri zimene mukulemba m'makopemo mudzaziiwala," anatero. "Koma mtima ndi mapapo mudzakhala nazo mpaka tsiku lokuikani m'manda. Muyambe kuzisamala lero."

Anzanga anaseka, koma ine mawuwo anandilowa. Amayi anga ankathyola tiyi, ndipo madzulo alionse ankandipempha kuti ndiwaponde msana. Ndinkafuna thupi lina, losiyana ndi lawo.

Njira yathu inkadutsa pakati pa mizere ya tiyi, n'kukwera chitunda cha mabulugamu, kenaka n'kutsikira pashedi pamene othyola ankayezetsa masamba. Pamenepo sitinkadutsapo mwamtendere.

"Mukuthawa ndani ana inu? Akapitawo ali kuno!" ankafuula amayi ena.

"Asiyeni, akuthamangira amuna. Winayo wapeza kale, taonani liwiro."

Amayi anga ankakhala m'gulu lomwelo, dengu lili kumsana, akuyang'ana kumbali ngati sakundidziwa. Koma kunyumba ndinkawamva akuuza anzawo kuti mtsikana wotsogola uja ndi wawo.

Mwa atsikana onse, othamanga kwambiri tinali awiri: ine ndi mnzanga wina wa m'kalasi mwathu, mwana wa dalaivala wa lole ya esiteti. Pachitunda ndinkamusiya, koma pamalo athyathyathya, pafupi ndi pothera, iye anali ndi liwiro limene ine ndinalibe. Vuto lake linali ulesi: akakhala yekha ankayamba kuyenda. Tsiku lina aphunzitsi aja anatiitana tonse awiri, natiuza kuti kumapeto kwa teremu kudzakhala mpikisano wa sukulu zonse za m'zoni yathu, ndipo tonse tidzapita kukathamanga mtunda wautali. Anati tizitsalira ena akaweruka.

Nkhaniyi inayenera kudutsa kwa abambo anga. Iwo ankagwira ntchito kufakitale, pamakina oumitsa tiyi, ngakhale kuti tiyiyo sanamulawepo, pakuti ife osunga Sabata sitimwa. Mumpingo anali dikoni. Kuthamanga sanakutsutse, popeza chiphunzitso chathu chimalimbikitsa kusamala thupi. Funso lawo linali limodzi lokha, ndipo sanafune kulimvera kwa ine. Anavala jekete, nakwera njinga, nafika kusukulu okha. Anakumana ndi aphunzitsiwo pansi pa mtengo wa mapeyala, ine nditaima chapambali.

"Aphunzitsi, mwanayu ndi wa Sabata," anatero abambo. "Dzuwa likangolowa Lachisanu, miyendo yakeyi si yanu, ndiponso si yanga. Mpikisanowo uli tsiku lanji?"

"Musade nkhawa, adikoni. Ndi Lachisanu m'mawa. Dzuwa lidzalowa ali kunyumba, atasamba kale."

Abambo anavula chipewa, nawagwira dzanja ndi manja awo onse awiri. Patapita masiku angapo anandibweretsera nsapato zothamangira zapakaunjika. Zinali zazikulu pang'ono, ndipo amayi anaikamo thonje kutsogolo.

Teremu imeneyo ndinathamanga monga sindinathamangepo. Inali nyengo ya chiperoni, pamene nkhungu imaphimba minda ndipo msewu umaterera. Aphunzitsi ankatitsatira panjinga, ndipo malangizo awo sankasintha. Kwa ine ankati, "Tsogola, usamudikire." Kwa mnzangayo ankati, "Mkangamire, usamusiye." Ine ndinkamva kupuma kwake kumbuyo kwanga, ndipo ndinkaonjezera liwiro. Poyamba ankatsalira pachitunda akutukwana. Kenaka anayamba kufika pamwamba ali paphewa panga. Ndinkakondwera naye, chifukwa ndinkaganiza kuti tikukonzekera ulendo umodzi. Ndinasiya kupita kokonzekera nyimbo zakwaya, ndipo atsogoleri akwaya anandidzudzula pamaso pa anthu. Sindinasamale. Usiku ndinkagona tulo tabwino, chakudya chinkandikomera, ndipo ndinkamva kuti thupi langali ndi langadi.

Lolemba la sabata ya mpikisano, ahedi analengeza pamzere wa m'mawa kuti esiteti yatibwereka lole, ndipo idzanyamuka Loweruka m'mawa. Ndinaganiza kuti alakwitsa tsiku. Titabalalika ndinathamangira kwa aphunzitsi aja.

"Sala, ahedi akuti Loweruka."

"Ndamva. Akuzoni asintha mwadzidzidzi. Ndayesetsa kulankhula nawo, akana." Anayang'ana uku ndi uku, natsitsa mawu. "Koma ukhoza kuwauza adikoni kuti kuli makalasi apadera. Ndani angawauze?"

Ndinayankha kuti abambo anga sindingawanamize, ndiponso kuti Loweruka kulibe makalasi amene iwo angandilole kupitako. Aphunzitsiwo anangokweza mapewa. Ndinawamvera chisoni, poganiza kuti nawonso zawapweteka.

Abambo atamva anati zoterezi zimachitika, ndipo aphunzitsi alibe mlandu, pakuti munthu wamng'ono sangalamule akuluakulu ake. Za kupita kapena kusapita anati ndakula, ndisankhe ndekha. Sindinapite. Palibe anandikakamiza, ndipo mpaka lero sindinong'oneza bondo pa chimenecho. Loweruka m'mawa tili m'kati mophunzira Malemba, lole inadutsa mumsewu wa kumunsi kwa tchalitchi, anzanga akuimba nyimbo zamasewera. Amayi anandigwira bondo osandiyang'ana.

Mnzanga uja anapambana. Lolemba sukulu yonse inamuombera m'manja, inenso ndinaomba ndi mtima wonse. Poweruka tinayendera limodzi, iye akundifotokozera momwe anawasiyira atsikana a sukulu zina pachitunda.

"Ndinkangoona ngati ndiwe uli kutsogoloko," anatero akuseka. "Sala ananenadi zoona, kuti ukandikoka teremu yonse palibe angandigwire, ngakhale iwe palibe."

"Ananena liti zimenezo?"

"Poyamba pomwe. Iwenso chemwali, mpikisano wa zoni unakhalapo Lachisanu? Angatseke sukulu zonse chifukwa cha ife? Chaka chilichonse ndi Loweruka. Anati ndisakuuze, ungagwe ulesi."

Ananena zimenezi mopepuka, akusenda nzimbe ndi mano. Ataona nkhope yanga anasiya kutafuna, nati ankaganiza kuti pofika pano ndinali nditazindikira kale. Ndinamusiya pamphambano osatsanzika.

Tsiku lotsatira inali nthawi ya masewera. Ndinawapeza aphunzitsi aja pabwalo akumanga zingwe za nsapato zawo, ndipo atandiona anamwetulira.

"Wabwera bwino. Tsopano tikupita kumpikisano wa kuboma, ndipo kumeneko kuli akatswiri. Ndikufuna umukoke kuposa kale."

Ndinawafunsa mwaulemu ngati zinali zoona kuti tsiku la mpikisano ankalidziwa kuyambira pachiyambi. Ndinkayembekezera kuti akana, ndipo mwina ndikanawakhulupirira. Sanakane.

"Ndikanakuuza, ukanathamanga motero? Mnzakoyu payekha sakanafika patali. Sukulu yapambana, ndipo iwe uli ndi gawo lako."

"Nanga abambo anga, sala? Munawauza kuti Lachisanu."

"Akuluakulu aja zamasewera sazimvetsa. Ndikanati Loweruka akanakutsekera m'nyumba. Komanso iwe wataya chiyani? Taona momwe walimbira. Thanzi limeneli ndi lako moyo wako wonse, palibe angakulande."

Anaimba wezulo, anzanga nayamba kufola mumsewu. Ine ndinabwerera m'kalasi, ndinakhala pampando wanga, ndipo palibe anabwera kudzandiitana.

Chovuta koposa chinali kuwauza abambo, amene anali atawaikira kumbuyo aphunzitsiwo. Ndinawapeza pakhonde akukonza tcheni cha njinga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, manja ali bii ndi mafuta. Amayi anayamba kulalata m'Chilomwe, monga ankachitira akapsa mtima, nati m'mawa apita kusukuluko. Abambo anawaletsa. Anati munthu amene wanama akukuyang'ana m'maso sungakamuuze chachilendo. Kwa ine anangofunsa ngati ndikufuna kupitiriza kuthamanga pandekha, popeza msewu si wa aphunzitsi.

Ndinayesa kangapo, Lamulungu m'mawa. Koma ndikafika pachitunda cha mabulugamu ndinkapezeka ndikumvetsera kumbuyo kwanga, ndipo funso linkandibwerera: kodi ndikukoka yani? Miyendo inkalemera, n'kuyamba kuyenda. Mnzanga uja anapatsidwa mnyamata wa Fomu 2 kuti azimutsogolera, ndipo ine ndi iye tinkangopatsana moni.

Pano ndili kukoleji. Kuseri kwa nyumba yathu yogona kuli bwalo labwino, ndipo atsikana ena amathamangapo m'mawa. Wina wa m'chipinda mwathu wandiitanapo kawirikawiri, ndipo amandiseka ndikamapuma mwawefuwefu pokwera masitepe a kulaibulale. Ndikudziwa kuti zimene aphunzitsi aja ankanena zokhudza mtima ndi mapapo n'zoona, ndipo mabuku amene ndikuwerenga akuvomereza. Ndikudziwanso kuti pokhala pansi wovutika ndine, osati iwo. Komabe choonadi chimenechi ndinachimva koyamba m'kamwa mwa munthu amene anachigwiritsa ntchito pondinyenga, ndipo sindinathe kuzilekanitsa ziwirizi. Mnzanga wa m'chipindayo ndamuuza kuti mwina teremu yamawa. Chaka chathanso ndinamuuza chimodzimodzi.